Chaka Chimene Che Saidi Anatsuka Petulo

Mdzukulu wanga Yusufu, amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Salima ndi Senga Bay, anafika tsiku lina ali wefuwefu kudzandiuza zimene anamva pa wailesi. Akuti kukubwera magalimoto oti ukafuna uthira petulo, ukafuna uthira mafuta a nzimbe okhaokha, amayenda basi, ndipo mapampu ake adzafika mpaka kwathu kuno. Iye ankayesa wanditengera nkhani yatsopano. Ndinati, "Iwe, mafuta a nzimbewo ine ndinawadziwa bambo ako akuyenda ndi kabudula wobooka kumbuyo. Mafuta amenewo anandichotsera mwana pakhomo." Anaseka, kuyesa agogo ayamba zocheza. Ine sindinkacheza ayi.

Chinali chaka chija mvula inathawa chimanga chitangoyamba kumasula, nthawi ya chipani chimodzi. Ine ndine Mchewa wa kumtunda, ndinakwatiwa kunyanja kuno ndi Che Saidi, malemu tsopano, ndipo ndinalowa Chisilamu chifukwa cha iwo. Khasu linali langa, nyanja inali yawo. Ana tinali nawo atatu: Mwajuma wa Sitandade 8, Ali amene ndi bambo ake a Yusufuyu, ndi kakang'ono Patuma. Chuma chathu chonse chinali boti limodzi, ukonde, mbuzi zingapo, ndi injini imene anagula atabwera ku Joni. Amuna angawo anali munthu wabwino, zimenezo sindingabise, koma ubwino wawo unali wotopetsa. Akatola singano panjira ankatha kuzungulira mudzi wonse kufunsa mwini wake.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino moti tinabzala osakayika. Ine ndi Mwajuma tinkalawirira kumunda, iye patsogolo akukumba mapando, ine pambuyo ndikuponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi. Dzuwa likakwera pang'ono ankasamba pachitsime n'kuthamangira kusukulu, dothi likadali m'zikhadabo. Mwanayo anali ndi mutu. Aphunzitsi ake anandiimitsa pamsika kundiuza kuti akapanda kusokonezeka asankhidwa kupita ku sekondale. Iye ankati adzakhala namwino, ndipo anali atayamba kale kutilamulira pakhomo: madzi akumwa muziwiritsa, Patuma musamudyetse ndi m'manja mosasamba. Ndinkamuti, "Pepani a dokotala, tamva."

Bambo ake anali akadali ku Mbenji, kumalizitsa nyengo ya usodzi. Mbenji ndi chilumba chimene chili kumpoto kwathu, kumene utaka umagwidwa wodzaza maboti. Chilumbacho chili ndi malamulo ake kuyambira kale. Mvula ikakhazikika chimatsekedwa, n'kudzatsegulidwa mu Epulo. Mkazi sapondako. Juga kulibe, chamba kulibe, ndipo mowa, ngakhale dontho, suwoloka. Amati ukaphwanya, mizimu ya pachilumbapo imakwiya: njoka zimatuluka m'miyala, mphepo imagubuduza maboti, nsomba zimathawa. Che Saidi ankasunga malamulowo monga ankasungira swala, mapemphero awo a Chisilamu.

Disembala

Chilumba chitatsekedwa anabwera, anatsuka injini, anaikulunga m'bulangete n'kuiimika kuchipinda. Bulangete labwinolo linapita kwa injini, ife tinatsala ndi lothothoka. Ndinkawanena kuti mkazi wamkulu pakhomo pano ndi ameneyu, ine ndine wachiwiri.

Petulo ankavuta zaka zimenezo. Nkhondo ya ku Mozambique inali itasokoneza njanji, ndiye mafuta ankabwera mwa apo ndi apo. Amene sankasowa pamsewu anali mathanki ochokera ku Dwangwa, kuminda ya nzimbe. Tinkamva kuti boma limasakaniza petulo ndi mafuta a nzimbe kuti achuluke, ndipo zinali zitachitika kwa zaka ndithu. Palibe amene ankalabadira. Ife tinkaganiza kuti amafinya nzimbe n'kuthiramo madzi ake otsekemera aja, basi.

Chakumapeto kwa mwezi kunabwera alamu anga a Asiyatu, achemwali awo a Che Saidi, amene ankakhala ku Lilongwe. Anabwera ndi shuga ndi sopo, komanso nkhani. Akazi a bwana wina woyandikana nawo anali oyembekezera, ndipo ankafuna mtsikana wa kumudzi wodzalera mwanayo akadzabadwa cha mu Juni. Malipiro ake, thumba la chimanga lizipita kwa makolo mwezi ndi mwezi.

"Mwajuma wakula," anatero, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati mbuzi ya pamsika.

"Wakulira sukulu," ndinayankha. Ndinawalozera kumunda, kumene chimanga chinali biriwiri, chofika m'mawondo. "Alamu, chaka chino chimanga tikupatsani ndife."

Anangoti chabwino, mukaganiza mundiuze.

Januwale

Sabata yoyamba mvula inagwa. Kenako kumwamba kunangoti mbee. Tinkati ndi ng'amba ya zaka zonse, imabwera n'kupita. Masana mitambo inkasonkhana kutsidya la nyanja, ife maso ali komweko, koma isanafike kuno inkabalalika. Chimanga chinatulutsa ngayaye dzuwa likuswa mtengo, masamba anapotana, ndevu zinauma zisanagwire kanthu. Kumzikiti anapempha mvula, kutchalitchi anapempha, abale anga a kumtunda anakathira nsembe pansi pa mtengo. Kunagwa kamvula kongonyowetsa fumbi, ndipo aliyense anati ndi pemphero lake limenelo.

Mpunga wa kudambo unapsa. Chinangwa chinali chitagwidwa kale ndi tizilombo toyera tija topinda masamba. M'nkhokwe munatsala zoti tikadya mopanikiza tifike nazo mu Febuluwale. Ndinayamba kusakaniza ufa ndi gaga, ana osawauza. Mwajuma anazindikira tsiku loyamba lomwelo, koma anangondiyang'ana n'kupitiriza kudya.

Febuluwale

Mawu oti njala sitinkawatchula. Pamisonkhano ya Chipani ankatiuza kuti m'dziko muno anthu akukhuta, ife n'kumawomba m'manja, mimba zikulira. Unkangoti "kwavutako pang'ono," mnzako n'kumva. Kumsika wa boma wogulitsa chimanga mzere unkatalika mpaka kumsewu, ndipo pachipata pankaima anyamata a malaya ofiira kufunsa khadi la Chipani. Ukalowa ankakupimira kandowa kamodzi, kaya uli ndi ana atatu kaya khumi. Masiku ena unkafika pa sikelo penipeni n'kumva kuti chatha, mubwere mawa. Tsiku lina mayi amene anali patsogolo panga anangoti khu, pansi. Wa malaya ofiira anabwera kufunsa kuti watani. Tonse tinayankhira limodzi kuti ndi malungo.

Kwa ogulitsa mwamseri, mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Anthu anagulitsa mawailesi, njinga, ena mpaka malata a padenga. A Nasibeko oyandikana nafe anatenga ana awo kupita ku maesiteti a fodya ku Kasungu, chitseko anangomanga ndi luzi. Ife tinkawiritsa nthochi zaziwisi, tinkakumba mizu kudambo, gaga tinkachita kulimbirana kuchigayo. M'kalasi mwa Mwajuma ana anachepa, ena anapita kuganyu, atsikana ena anakwatiwa mofulumira. Iye ankapitabe, m'mimba muli madzi okha, pobwera n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi mabuku ake.

Kunyanja kufupi kuno kunalibe kanthu. Aliyense amene munda unamukana anathamangira m'madzi ndi kaukonde kalikonse, moti nsomba zinkagwidwa zongokwana m'mbale. Chiyembekezo chinali Mbenji basi. Utaka wouma ukanatha kusinthidwa ndi chimanga kwa anthu a kumapiri a ku Ntchisi ndi ku Dedza, kumene mvula inayesako.

Alamu anatuma kondakitala wa basi kudzatiuza kuti malo aja akadalipo. Che Saidi anamuyankha kuti, "Mukawauze achemwali adikire chilumba chitsegulidwe. Ine ndikakafika ku Mbenji, mwana sachoka pano." Mwajuma anamva ali kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo anasesa bwalo lonse akuimba.

Malichi

Ramazani inagwa mwezi umenewo. Kusala sikunativute, tinali titazolowera kale. Chovuta chinali chomasulira dzuwa likalowa.

Tinagulitsa mbuzi zathu zonse kuti tigule petulo wa ku Mbenji. Ndinalira, chifukwa mbuzi zomwezo zikanatigulira chimanga cha masabata angapo, koma popanda petulo injini ndi chitsulo chabe. Che Saidi anapirira pamzere wa pa pampu ku Salima mpaka anadzaza zigubu zawo, n'kubwera nazo pa ngolo. Tinaziika m'khitchini. Ndikamadutsa ndinkazigwedeza kuti ndimve kulemera kwake, mtima n'kukhala pansi.

Ndiye kunabwera a Mbewe. Amenewa anali a m'mudzi momwemo, Mkhristu, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Dwangwa n'kubwerako ndi kainjini kakale ndi boti. Munthu wosaipa mtima, koma pakamwa ngati wailesi yothyoka kozimitsira. Anapeza Che Saidi akupukuta injini pakhonde, ananunkhiza chigubu chimodzi n'kuyamba kuseka.

"Che Saidi, inu Asilamu mumati simugwira mowa. Nanga uwu?"

"Uwu chiyani?"

"Mafuta a nzimbewa mumayesa n'chiyani? Ine ndaona ndi maso angawa. Amatenga chiphala chakuda chija chotsala akapanga shuga, amachisasitsa m'mathanki aakulu kuposa nyumba yanuyi, kenako amatcheza. Kachasu weniweni, mutu wake! Kungoti amathiramo zoipa kuti anthu asamwe."

Ndinati, "A Mbewe, tatsitsani mawu." Sabata yomweyo munthu wina anali atatengedwa pa pampu chifukwa chonena kuti petulo wa boma ndi wosukuluka, ndipo anali asanabwerere. Koma a Mbewe akayamba sasiya. Anaitanitsa botolo loonekera m'kati, anathiramo madzi pang'ono, n'kumanga ulusi pamene madziwo analekeza. Anathira petulo pamwamba, anachukucha, n'kuliimika pansi. Tonse tinaunjikana kuliyang'ana. Patapita kanthawi madzi anakhazikika pansi, koma anali atakwera kupitirira ulusi uja.

"Mwaona? Mowa umakonda madzi. Wathawa m'petulo, watsikira kwa mnzake."

Ana anaseka, a Mbewe anaseka. Che Saidi sanaseke. Anafunsa motsitsa kuti, "Zinayamba liti zimenezi?" A Mbewe anati ndi kalekale. Amuna anga anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikuwolotsa mowa kupita nawo ku Mbenji."

Mlendo atachoka ndinayesa kuwabweza. "Bambo a Mwajuma, zaka zonsezo mwapita, mwabwera. Njoka inakulumanipo?"

"Nanga mvula ili kuti?" anatero. "Utaka wa chaka chatha unali ngati wa kale?"

Anapita kwa Shehe. Shehe anawayankha kuti injini si Msilamu, siswali, ndipo chimene imamwa si nkhani ya mzikiti, bola munthu asalawe. Koma za chilumba anati si zawo, akafunse eni ake. Kufunsa eni ake ndiye kunali kosatheka. Ukakaima pamaso pa akuluakulu osunga chilumba n'kunena kuti petulo wa boma ndi kachasu, mawa lake a malaya ofiira ali pakhomo pako. Ndipo akuluakuluwo akanati aletse mainjini onse, asodzi a gombe lonse akanatiotchera nyumba. Choncho nkhaniyo inakhala m'mimba mwa Che Saidi, ikuwadya. Anasiya kucheza ndi ana. Ankalowa m'khitchini, kuyang'ana zigubu zija, n'kutuluka.

Tsiku lina ndikuchokera kudambo ndinakumana ndi Mwajuma atasenza ndowa. Anati ababa amutuma madzi, ndipo imeneyo sinali yoyamba. Che Saidi ndinawapeza kuseri kwa khitchini ndi mgolo, nkhafi ndi kapu.

"Mukutani?"

"Ndikutsuka."

"Mukutsuka chiyani?"

"Petulo."

Mayo ine! Ndinakhala pansi. Ankathira petulo mumgolo, kuthira madzi, kuvundula ndi nkhafi, kudikira, kenako n'kumatunga wa pamwamba ndi kapu kubwezera m'zigubu. Paipi anaikana, poopa kuti poyamwa angalawe. Zotsalira pansizo anazikumbira dzenje n'kukwirira, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Ndinalankhula zonse zimene mkazi angalankhule. Ndinawakumbutsa mbuzi zanga, ndinawakumbutsa mwana amene ankawatungira madziyo. Iwo ankangoti, "Ndikuchitira iye yemweyo. Ndikapite woyera, Mulungu atipatse." Pomaliza chigubu chimodzi chinatsala chopanda kanthu. Ndinachinyamula ndi chala chimodzi, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Anayesa injini, inalira. Inkatsokomola pang'ono, koma inalira. Anandiyang'ana monyadira, ine ndinalowa m'nyumba.

Epulo

Mwambo wotsegulira chilumba umachitikira pagombe la Chikombe, ndipo akazi timaloledwa kufika pamenepo. Ndinakwera nawo boti kuchokera kwathu, Patuma ali kumbuyo, dengu lili m'manja, kuti nsomba zoyamba zikangotsika ndithamange nazo kukasintha chimanga. Mwajuma anatsala ndi Ali. Tinayenda m'mbalimbali mwa gombe, injini ikutsokomola, ine ndikumvetsera kutsokomola kulikonse ngati kwa mwana wodwala.

Anthu anali ochuluka kuposa zaka zonse, ambiri oonda, ena oti sanagwirepo nkhafi chibadwire. Akuluakulu analankhula, kukumbutsa malamulo. Kenako osecha anayamba kulowa boti ndi boti. Ankamasula mitolo, kununkhiza mabotolo a tiyi, kupisa m'matumba a ufa. Munthu wina anamupeza ndi kabotolo m'kati mwa ukonde, anamutsitsa anthu akumukuwiza. Koma zigubu za petulo ankangozidumpha. M'boti la a Mbewe ndinaona wosecha atakhala pa chigubu penipeni, akuzula minga kuphazi. Zigubu za a Mbewe zinali zodzaza mpaka m'khosi, zonse.

Maboti ananyamuka m'mawa, lathu lili kumapeto. Chakumasana mwera unayamba, mphepo ya kummwera ija yobwera ndi mafunde aataliatali.

Tsiku lotsatira maboti oyamba anabwera ndi utaka. Amayi anathamangira m'madzi ndi madengu. Ine ndinkafunsa aliyense wotsika, "Che Saidi mwawasiya bwanji?" Woyamba anati sanawaone. Wachiwiri anayang'ana kumbali. Wachitatu ndiye anandiuza mosabisa kuti boti lathu silinafike pachilumba.

Masiku amene anatsatira sindikonda kuwakumbuka. Ndinkakhala pamchenga, maso ali pamadzi, Patuma akulira njala kumsana. Kadontho kalikonse kakuda kutali ndinkaimirira, n'kupeza ndi bwato la eni ake. Akazi a anyamata amene ankagwira ntchito m'boti lathu anabwera kudzakhala pafupi nane, osandilankhula. Mphekesera zinayamba kuti m'botimo munali mowa, chilumba chawakana. Mowa, m'boti la Che Saidi! Ndinafuna kukuwa kuti panyanja yonseyi boti lopanda mowa ndi lokhalo, koma ndikanauza ndani? Ndinkangoganiza kuti kunyumba ndikamuuza chiyani Mwajuma.

Amene anapita kukawafuna anali a Mbewe. Anasiya utaka ukugwidwa, anaotcha petulo wawo kutsata kumene mwera unkakankhira. Anawapeza kutali, cha ku Nkhotakota, ukonde atautaya m'madzi kuti boti lisamire. Anabwera akuwakoka ndi chingwe. Onse anali amoyo, milomo yosweka, manja otupa ndi kukapa madzi. Ndinagwada pamchenga n'kuyamika Mulungu mokweza, osasamala ondiona.

Che Saidi atamwa phala anafotokoza kuti injini inazima pakati pa nyanja atangosintha chigubu, ndipo sinadzukenso. Kenako anatembenukira kwa a Mbewe.

"Nanga yanu yayenda bwanji mpaka konse kuja?"

A Mbewe anakanda m'mutu. "Ine sindinatsuke, achimwene."

"Simunatsuke?"

"Ndinakuonetsani kuti muone basi, mocheza. Sindinadziwe kuti mukachitadi. Ine nditaye petulo chaka ngati chino?"

Mpaka lero sindidziwa ngati munthu ameneyo ndimuthokoze kapena ndimutukwane. Tsiku limenelo ndinachita zonse ziwiri.

Meyi

Kukolola sikunatenge nthawi. Ine ndi Mwajuma tinazungulira munda wonse kutola tizitsononkho ta njere zowerengeka, ndipo dengu silinadzaze.

Makaniko wa ku Salima anatsegula injini n'kupukusa mutu. Anati munalowa madzi, komanso petulo wake anali wopanda mphamvu, wawononga zam'kati. Anafunsa kuti mafuta otere munagula kuti. Che Saidi anangoti, "Pa pampu." Zitsulo zake anati n'zosowa, mwina ku Blantyre, mwina kulibiretu. Injini inabwerera m'bulangete lake.

A Mbewe, chikumbumtima chikuwavuta, anabwera kudzanena kuti m'boti mwawo muli malo, Che Saidi akatsogolere anyamata poponya ukonde, adzagawana bwino. Ku Mbenji utaka unali ukugwidwa, njoka osatuluka, maboti onse a petulo wosatsuka akupita n'kubwera. Ndinati basi, tapulumuka. Amuna anga anakana.

"Kale ndinkapita osadziwa. Pano ndaona ndi maso anga m'botolo muja. Ndikwere ndikudziwa?"

"Anzanu onse akukwera!"

"Anzangawo sanaone."

"A Mbewe sanaone? Si ndiwo anakuonetsani?"

"Za a Mbewe adzayankha okha."

Ndinakuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinawauza kuti kuyera kwawoko ana sangadye. Iwo ankabwereka bwato n'kumakawedza ndi mbedza kufupi, kubwera ndi tinsomba tosakwana ndiwo ya tsiku. Kunamveka kuti kukubwera chimanga chachikasu cha thandizo kuchokera kunja. Ena amati chafika kale pa Chipoka, ena amati kwawoko amadyetsa ng'ombe, ena amati ukadya subereka. Ine ndinkati chibwere kaye, zosaberekazo tidzaona. Tinadikira, osaoneka.

Kenako mapazi a Patuma anayamba kutupa, tsitsi n'kusanduka lofiirira. Amene anandionetsa anali Mwajuma. Anadina chala paphazi la mng'ono wakeyo, pochotsa panatsala kadzenje. Anati, "Amayi, izi tinaphunzira kusukulu."

Juni

Alamu anabwera okha, ndi thumba loyamba la chimanga, kuti tione kuti si nkhambakamwa. Akazi a bwana aja anali atachira, mwana wamwamuna. Ndinapempha kuti adikire Mwajuma alembe kaye mayeso, anali atatsala pang'ono. Anati chaka chino atsikana ofuna malo ndi ambiri, akachedwa atenga wina. Thumba linali pakhonde, Ali ndi Patuma atakhala pambali pake, akuligwiragwira.

Ine ndinali ndisanayankhe pamene Mwajuma anatuluka m'nyumba, kamtolo kake atamanga kale. Yunifolomu anaipinda bwinobwino n'kuisiya pamphasa. Anati, "Patuma adzavala akadzakula."

Bambo ake sanathe kumuperekeza. Anamugwira pamutu, anamupempherera, n'kupita kuseri kwa khitchini. Ine ndinapita naye mpaka ku Salima. Basi inali itadutsa, ndiye iye ndi azakhali ake anakwera kumbuyo kwa kagalimoto ka matola. Kasananyamuke kanaima pa pampu kuthira mafuta, ine nditaima pambali, dzanja lake lili m'manja mwanga. Fungo lija linatifika tonse awiri, la petulo koma lotsekemerako kumapeto. Mwajuma ananunkhiza n'kumwetulira, misozi ili m'masaya.

"Amayi, mukawauze ababa kuti ndakwera ya mowa, koma sindinalawe."

Ndinakawauza momwemo, osachotsa liwu. Anayamba ngati akuseka, kenako anavula chisoti n'kuphimba nacho kumaso. M'mawa mwake anapinda mphasa yawo, anatenga kathumba ka ufa wa chimanga chomwe chija, n'kupita kukagogoda kwa a Mbewe.

Anakhala ku Mbenji mpaka chilumba chinatsekedwa, ndipo utaka unabwera, wambiri ndithu. Ndinayanika, ndinasintha chimanga, Patuma anachira. Titatumiza uthenga kuti mwana abwere, alamu anati sangachite manyazi kwa bwana chaka chisanathe. Chaka chitatha anati mayeso anadutsa kale, akatani kumudzi. Che Saidi anapitabe ku Mbenji zaka zambiri pambuyo pake, ndi petulo wa pa pampu, osatsuka, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Yusufu akuti mafuta a nzimbe ndi abwino, ndi a kwathu konkuno, sadikira njanji ya eni ake. Sindinamutsutse. Ndinangomuuza kuti akadzafika athire, asatsuke.

Mwajuma, azakhali ake a Yusufuyo, anakwatiwa konko ku Lilongwe, amabwera pa Idi ndi pamaliro. Chaka chatha ndinapita kukawaona mwendo utandivuta, ndipo Mwajuma ananditengera kuchipatala. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Namwino atatuluka, kamtsikana kovala zoyera, Mwajuma anaimirira msangamsanga n'kupinda mawondo. Kanamuuza kuti, "Mayi, khalani pansi, tikuitanani." Anakhala pansi.